“Ni mano chabe”: zochita mwana akamavuta pomera mano

Mukakhala pa mzere wa sikelo kuno ku Lusaka, kaya ndi ku Chawama, ku Matero kapena ku Mtendere, mawu amene simungalephere kumva ndi akuti “ni mano chabe”. Mwana watentha thupi, ni mano. Akuthulula, ni mano. Wakana phala, wayamba kutsokomola, sakugona, zonsezo akuti mano. Ine ndalera ana atatu, mawuwa ndinawanenapo, ndipo tsiku lina anatsala pang’ono kundiliza. Ndiye ndisanafike pa zidole zoluma zimene ambiri mumafunsa, tiyambe tadziwa kukula kwa vuto lenilenilo.

Ana ambiri dzino loyamba limatuluka ali ndi miyezi pafupifupi 6. Ena amafulumira pa miyezi 4, ena chaka chimakwana m’kamwa muli nkhama zokhazokha. Nthawi zambiri amayamba ndi awiri akutsogolo am’munsi, kenako akutsogolo akumwamba, kenako am’mbali mwake. Mano otafunira oyamba amabwera mwana atapitirira chaka, pakati pa miyezi 13 ndi 19, ndipo awa amavutitsako chifukwa ndi otambalala. Osongoka aja amatsatira, otafunira akumapeto n’kudzatseka mzere. Pofika zaka zitatu mwana amakhala ndi mano 20.

Ku Cleveland, ku America, madokotala anatsatira ana 125 tsiku ndi tsiku pamene ankamera mano, zotsatira zake n’kutuluka mu 2000. Anapeza kuti zovuta za dzino limodzi zimazungulira masiku 8: anayi dzino lisanaboole, tsiku loboola, ndi atatu pambuyo pake. Zovutazo ndi dovu, kuluma, kukhuza nkhama, kunyinyirika, kudzukadzuka usiku, kukana chakudya cholimba, ndi kufunda thupi pang’ono. Zonse ndi zazing’ono, ndipo zambiri zimathera pakamwa pomwepo. Sungani zimenezi m’mutu, tidzazifuna kutsogoloku.

Akuluma chilichonse, akungolira

Yambani ndi chimene simugula. Sambani m’manja ndi sopo, onetsetsani kuti chikhadabo n’chachifupi, kenako tsindikizani chala pa nkhama yotupayo n’kumakhuza pang’onopang’ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Poyamba mwana akhoza kukana, koma ambiri amayamba kukulumani okha, kufuna kuti musasiye. Chimene chimatonthoza nkhama ndi zinthu ziwiri basi, kukanikiza ndi kuzizira. Chidole chilichonse choluma, chodula kapena chotchipa, ntchito yake ndi yomweyo.

Chachiwiri ndi kansalu koyera, kamene mwakapatula kuti kakhale ka ntchito imeneyi yokha. Kaviikeni m’madzi owiritsa amene azizira, kafinyeni, kapoteni, mum’patse atafune inu muli pompo. Malaiti akakhalapo, kaikeni mu firiji kwa theka la ola muli m’kabokosi kotseka. Akapita, monga tinazolowera mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, madzi owiritsa osungidwa mu mtsuko kapena pamalo a mthunzi amazizira mokwanira. Sipuni yachitsulo yoviikidwa m’madzi omwewo imathandizanso mano asanatuluke. Akatuluka isiyeni, chitsulo chingabenthule dzino.

Tsopano zogula. M’mashopu mudzazipeza zitalembedwa kuti teether, ine ndingoti choluma. Chabwino ndi chopangidwa ndi silikoni kapena labala yolimba, chinthu chimodzi chathunthu chopanda zomatamata, chokhala ndi pogwira poti kadzanja ka mwana kakwane. Musanalipire, chikokeni, chipindeni, chikandeni ndi chikhadabo. Utoto ukasupuka, chisiyeni, chifukwa utoto wina pa zidole zosadziwika kochokera umakhala ndi mtovu woopsa ku ubongo wa mwana. Chikamanunkha ngati petulo kapena matayala atsopano, chisiyeninso. Pa kukula kwake, yesani ndi kachubu kamene kamatsala pepala la kuchimbudzi likatha: chinthu chodutsa m’kachubumo chingathenso kutseka pammero pa mwana.

Zija zokhala ndi madzi kapena mafuta mkati ine sindizikonda. Zimaoneka bwino, zimazizira msanga, koma dzino likangotuluka limakhala lakuthwa ngati lumo, ndipo tsiku lina mudzapeza choluma chaphwa, madzi ake mwana wameza, osadziwa kuti anali madzi otani. Zolira zikafinyidwa zili ndi kabowo, dovu ndi madzi zimalowa, mkati n’kuchita nkhungu yakuda imene simungaitsuke. Ndipo choluma chilichonse chiikeni mu firiji, osati mu firiza. Chikauma gwa ngati mwala chimapweteka nkhama yomwe mukufuna kuitonthoza.

Za salaula ndinene mosabisa. Zovala za ana anga zambiri zinachokera ku msika wa Soweto, sindichita nazo manyazi. Koma choluma ndimagula chatsopano chili m’paketi yake. Labala yakale imang’aluka mosaoneka, m’ming’alumo mumakhala litsiro, ndipo simudziwa kuti chinadutsa m’kamwa mwa ana angati. Zidole za salaula zoyaka kapena zoimba zili ndi vuto linanso: timabatire tozungulira tonga ndalama yachitsulo. Mwana akameza kamodzi kokha, kamatha kuwotcha kummero m’maola awiri. Mukangoganiza kuti wameza batire, musadikire kuti muone ngati kadzatuluka ndi chimbudzi, musamusanzitse, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

Ndiye pali zimene timapereka tikakhala mu minibasi mwana akulira, anthu akutiyang’ana: makiyi, foni, chitsekero cha botolo, kapepala ka bisiketi. Tonse tinachitapo. Koma makiyi ndi foni zimagona paliponse, ndipo chitsekero chimakwana ndendende pammero. Yendani ndi zoluma ziwiri m’kathumba koyera, china chikagwa mutulutse chinzake. Mukachimangirira ku malaya a mwana kuti chisagwe, kachingwe kakhale kafupi kosatha kuzungulira khosi, ndipo muzichotsa akagona.

Ambuya ambiri amakonda kupereka karoti, kachidutswa ka nzimbe, chinangwa kapena fupa la nkhuku. Mwana akadali wopanda dzino zimaoneka ngati zikuyenda, koma wa mano awiri amabenthula kachidutswa kolimba kamene sangakatafune, n’kutsamwa nako. Fupa la nkhuku limasweka mosongoka. Nzimbe, mabisiketi ndi ma freezit zimasambitsa dzino latsopanolo mu shuga, ndipo madzi a freezit yopangira pakhomo simudziwa kuti anatungidwa kuti. Ngati mukufuna chodya chozizira kwa mwana wopitirira miyezi 6, nthochi yokanya kapena yogati yopanda shuga pa sipuni zikwanira.

Katsukidwe ndiye nkhani yaikulu kuposa mtundu wa choluma. Tsukani ndi sopo ndi madzi oyera tsiku lililonse, komanso nthawi iliyonse chikagwa pansi. Cha silikoni chambiri chimalola kuwiritsa kwa mphindi 5, koma werengani paketi kaye. Kupukuta pa chitenje si kutsuka. Kunyambita inuyo n’kumubwezera mwana ndi kumupatsa tizilombo ta m’kamwa mwanu, kuphatikizapo towoletsa mano. Chiumitseni, chisungeni motseka, ntchentche zisaterepo.

Pachibwano pafiira, patuluka nsungu

Ndi dovu limenelo. Musakhuze, ingogunditsani kansalu kofewa kuti paume, pakani Vaseline pang’ono pachibwano ndi m’mikwingwirima ya khosi, musinthe malaya akanyowa. Nsungu zikafalikira thupi lonse, kapena zikatuluka m’manja ndi kumapazi pamodzi ndi zilonda m’kamwa, si dovu ayi, kaonetseni. Zoyera zomatirira pa lilime ndi m’masaya zosachoka mukapukuta, nazonso zili ndi mankhwala ake kukiliniki.

Akundiluma bere

Mwana akamayamwa zenizeni sangalume, chifukwa lilime limaphimba mano am’munsi. Amaluma akakhuta, akamasewera kapena akayamba kusinza. Ndiye muziyang’ana: akasiya kumeza, lowetsani kachala kakang’ono pakona ya kamwa, mumuchotse. Akakulumani musamukoke, nsonga ingang’ambike. Muuzeni motsitsa mawu kuti ayi, mumukhazike pansi kamphindi, mumupatse choluma. Kukhuza nkhama musanayamwitse kumachepetsanso. Musamuletse kuyamwa chifukwa cha mano. Bere likufunikabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Amayi amene muli pa ma ARV, nsonga ikang’ambika kapena kutuluka magazi, pitani kukiliniki tsiku lomwelo akakuuzeni kayamwitsidwe pamene bala likupola, ndipo mankhwala anu musadumphitse.

Usiku sitikugona, timupatse chiyani?

Ngati chala, kansalu, bere ndi kubereka kumbuyo zalephera, ndipo mukuona kuti mwana akumvadi ululu, paracetamol ya ana ndi yololedwa. Muyezo umatsata kulemera kwa mwana, osati msinkhu, ndipo kulemerako kuli pa kadi ya sikelo. Ndi mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilo iliyonse. Mwachitsanzo, mwana wa makilo 8 angamwe mamililita 5 a sirapu yolembedwa 120 mg pa 5 ml. Mabotolo amasiyana mphamvu, ena ndi owirikiza, choncho werengani, kapena funsani wa ku famase akulembereni pa botolo. Yezani ndi sirinji kapena kachikho kobwera ndi mankhwala, osati sipuni ya tiyi. Pakati pa kumwa ndi kumwa padutse maola 4 mpaka 6, ndipo asapitirire kanayi pa maola 24. Mukapeza kuti mukumumwetsa masiku awiri otsatizana, vuto si dzino, kaonetseni.

Aspirin si ya ana. Piriton womwetsa kuti mwana agone, ayi. Amoxil kapena Flagyl wotsala kwa mkulu wake sachiza nkhama. Mowa wopaka ku nkhama, ngakhale kadontho, ayi. Uchi usalowe m’kamwa mwa mwana wosakwana chaka, chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo timene poizoni wake amafooketsa thupi la khanda.

Mankhwala opaka ku nkhama ochititsa dzanzi anthu amawakhulupirira kwambiri, koma dovu limawakokolola m’mphindi zochepa, mwana n’kuwameza. Mu 2018 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linachenjeza kuti okhala ndi benzocaine asapakidwe kwa ana osakwana zaka ziwiri, chifukwa amatha kulepheretsa magazi kunyamula mpweya, mwana n’kuyamba kuda milomo. Mu 2014 bungwe lomwelo linali litachenjezanso za lidocaine wamadzimadzi kwa ana omera mano. Maufa a m’timapepala ali ndi mbiri yawoyawo. Ku Britain ndi ku Australia maufa a mano akale ankakhala ndi mercury, ana ambiri anadwala matenda ofiiritsa manja ndi mapazi, ena anamwalira, ndipo matendawo anazimiririka maufawo atachotsedwa m’zaka za m’ma 1950. Maufa a lero sakhala otero onse, komabe phunziro lilipo pa chinthu chosalembedwa zimene zili mkati. Kuno mankhwala ovomerezeka amalembetsedwa ku ZAMRA, bungwe loona za mankhwala mu Zambia. Cha pa kantemba chopanda dzina la wopanga, chopanda tsiku lothera, chisiyeni pomwepo. Chimodzimodzi phulusa, soda, mchere kapena mizu yokhuza ku nkhama, ndipo kutema nkhama ndi lumo kuti dzino lipeze njira ndiye musalole n’komwe, angakhale akunena ndi apongozi. Dzino limadziboolera lokha.

Mikanda ya m’khosi ndiyo yabwera mwa fashoni. Pa Facebook mudzaona ya amber, utomoni wa mitengo wouma ngati mwala, akuti imatulutsa mankhwala ikafunda pakhungu. Palibe umboni woti imachepetsa ululu. Mu December 2018 FDA inachenjeza za mikanda yotere italandira malipoti, limodzi la mwana wa miyezi 18 amene anapotokoledwa khosi ndi mkanda wake ali m’tulo. Kachingwe ka ambuya ka m’khosi vuto lake ndi lomwelo. Sindikufuna kuyambanitsa mabanja. Ngati akuluakulu aumirira, kambiranani mwaulemu, koma khosi la mwana likhale lopanda kanthu.

Watentha thupi, akuthulula

Apa ndiye pamene ndinapsa. Wachiwiri wanga anali ndi miyezi 8, nthawi ya mvula, anayamba kuthulula Lachisanu. Apongozi anayang’ana m’kamwa, anandionetsa kanthu koyera pansi pa nkhama, n’kuti, “Amake mwana, musavutike, ni mano, zizasila zeka.” Kanthu koyerako kanalipodi, ndinakaona ndi maso anga, mtima unakhala pansi. Loweruka anapitiriza. Lamlungu masana ndinazindikira kuti thewera ndi louma kuyambira m’mawa, akulira popanda misozi, liwombo lalowa. Tinathamanga, anamuika diripu. Anesi anangondifunsa kuti, “Mayi, mumadikira chiyani?” Ndinasowa choyankha. Dzino lija linatuluka patapita masiku anayi. Apongozi sananame kuti dzino likubwera; kungoti silinali dzino limene linkamuthululitsa.

Chifukwa chake ziwirizi zimakumana n’chosavuta. Pa miyezi 6 chitetezo chimene mwana anabadwa nacho kuchokera kwa mayi chimakhala chikutha. Ndi nthawi yomweyo imene akuyamba phala ndi madzi, akuyamba kukwawa, ndipo nkhama zikumuyabwa moti chilichonse chimene watola, patapata, chivundikiro, dothi, chimapita kukamwa. Ndiye mano sabweretsa kuthulula. Chobweretsa ndi chimene mwana akuluma. M’makomboni mwathu momwe madzi a mvula amasefukira kufika pakhomo ndipo zitsime zili pafupi ndi zimbudzi, choluma chogwa pansi n’kubwezedwa kukamwa ndi njira yachidule ya matenda. Popeza mano amatuluka mosinthana kwa zaka ziwiri ndi theka, nthawi iliyonse imene mwana wadwala mukhoza kupeza dzino loti mulinamizire.

Dovu lomeza lingafewetse chimbudzi pang’ono. Koma chamadzi katatu kapena kupitirira pa tsiku ndi matenda, ndipo yambani kuthandiza tsiku lomwelo. Sungunulani paketi ya ORS, amene ena timati madzi a moyo, m’madzi owiritsa kapena othira klorini, mulingo wake monga walembedwera pa paketi. Yambiri ndi ya lita imodzi. Mwana wosakwana zaka ziwiri amwe mamililita 50 mpaka 100 akangochita chimbudzi, pang’onopang’ono ndi sipuni. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso. Otsala akatha maola 24 tayani. Zinc apatsidwe masiku 10 mpaka 14 ngakhale kuthulula kutasiya: mamiligalamu 20 pa tsiku kwa wa miyezi 6 kupita m’tsogolo, 10 kwa wocheperapo. Bere lisaleke, phala lisaleke. Katemera wa rota amene ana amalandira pakamwa ali aang’ono amateteza ku mtundu umodzi woopsa wa kuthulula, osati yonse.

Liwombo likalowa ndi chizindikiro chakuti madzi atha m’thupi. Kumatapo mankhwala pamutu sikubwezera madziwo. Maso olowa, khungu la pamimba losabwerera msanga mukalitsina, kusakodza kwa maola 6 kapena kupitirira, magazi m’chimbudzi, zonsezi ndi za kukiliniki lero, osati mawa. Chimbudzi chikakhala ngati madzi otsukira mpunga, kumbukirani kolera imene inayamba mu October 2023, mpaka National Heroes Stadium inasanduka chipatala. Kolera imatha kumaliza khanda m’maola ochepa. Mwetsani ORS muli pa njira.

Za kutentha thupi, gulani thermometer, kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Dzanja la mayi limanama, makamaka mu October. Mano amafunditsa thupi pang’ono, koma 38 kupita m’mwamba musawanamizire. Khanda losakwana miyezi itatu likatentha thupi, pitani nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Ngati munapita kumudzi posachedwa, ku Petauke, ku Katete, ku Chipata kapena ku Lundazi, auzeni anesi, chifukwa malungo kumeneko ndi ochuluka kuposa mu tauni muno, ndipo kuyeza kwa pa chala kumatenga mphindi 15 kapena 20 zokha. Kugwiragwira khutu pang’ono kumachitika pomera mano, koma kukabwera ndi kutentha thupi, kulira mukamugoneka, kapena mafinya, khutulo ladwala. Werengani kapumidwe mwana ali phee: kupuma ka 50 kapena kupitirira pa mphindi kwa wa miyezi 2 mpaka 12, ka 40 kwa wopitirira chaka, kapena nthiti kulowa mkati popuma, ndi zizindikiro za chibayo. Kukana bere kotheratu, kusanza chilichonse, kukomoka, kulefuka kosadzutsika, izi musayambire n’komwe kwa aneba. Zipatala za Kanyama, Chawama, Chilenje, Matero ndi Chipata ya muno mu Lusaka zimalandira odwala usiku, ndipo zikakula iwo amatumiza ku chipatala cha ana ku UTH.

Anzake ali ndi mano anayi, wanga alibe

Nthawi zambiri ndi mtundu. Funsani ambuya ake kuti bambo ake anamera liti. Ngati akukula bwino pa kadi, miyezi 12 yopanda dzino si yodetsa nkhawa. Ikakwana miyezi 18, kaonetseni kwa dokotala wa mano. Mwana amene wayamba kumera mano akumwamba, amene kale ena ankamuona ngati malodza, alibe vuto lililonse, mzere wangosinthana. Pena pa nkhama pamatuluka kachotupa kofewa, kobiriwira modera, pamwamba pa dzino lomwe likubwera. Musakaboole, kamaphulika kokha dzino likatuluka. Khanda lobadwa ndi dzino limapezeka mwa apo ndi apo, ndipo chofunika n’chakuti adokotala aone ngati likugwedera, kuopa kuti lingazuke n’kumutsamwitsa.

Dzino loyamba likangooneka, kutsuka kwayamba. Kaburashi kofewa ka ana, mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, oikapo pang’ono ngati kanjere ka mpunga, kawiri pa tsiku, kofunika kwambiri ndi ka usiku. Mugonekeni chagada pamiyendo panu, mutu uli chakumimba kwanu, kuti muone m’kamwa bwino. Adzakana, adzaluma burashi, pitirizani. Botolo la tiyi wa shuga, juwisi kapena maheu asagone nalo, chifukwa mano akutsogolo akumwamba ndiwo amayamba kuwola, ndipo otafunira akumapeto aja akhala nawo mpaka zaka 10 kapena 12. Kwezani mlomo wam’mwamba kamodzi pa mwezi muyang’ane m’mphepete mwa nkhama: mukaona mizere yoyera ngati choko kapena timadontho tofiirira, pitani nayeni kwa dokotala wa mano dzino lisanabooke.